Digiri ya zaka zitatu: timulandire ku masitazi kapena timukane?

Mphunzitsi watsopano: Akuluakulu, ndithandizeni. Andiika m'komiti yosankha ophunzira a masitazi ya uinjiniya wa zomangamanga, ndipo fomu imodzi yatiimitsa. Mnyamatayu ali ndi digiri ya zaka zitatu ya ku Germany, ma ECTS 180 (mapointi oyezera kuchuluka kwa maphunziro m'mayunivesite a ku Ulaya), ndipo anakhoza bwino zedi. Malamulo athu amafuna digiri ya zaka zinayi. Anzanga awiri akuti timukane. Ine ndikumufuna, chifukwa akufuna kufufuza za kulimba kwa konkire, zomwenso ndikuchita ine.

Phulofesa wa zamagetsi: Zaka zisakusokonezeni, tsegulani transcript yake, chikalata chosonyeza makosi amene anachita ndi mmene anakhozera. Chiyambire mgwirizano wa Bologna wa 1999, mayiko ambiri a ku Ulaya amapereka digiri yoyamba ya ma ECTS 180 mpaka 240, ndipo 60 ndiwo chaka chimodzi. Kumeneko digiri yakeyo ndi yokwanira. Funso n'lakuti anaphunzira chiyani. Differential equations ndi linear algebra zilimo? Nanga mechanics of materials ndi structural analysis anafika nazo pati?

Injiniya wa kukampani: Kodi simuyenera kuyamba mwaona ngati digiriyo ili pansi pa Washington Accord?

Phulofesa wa zamagetsi: Ayi bambo, imeneyo ndi nkhani ina. Washington Accord ya 1989 ndi yoti mabungwe ovomereza maphunziro a uinjiniya azizindikira madigiri a anzawo, makamaka munthu akafuna kulembetsa ngati injiniya. Wolowa masitazi amasankhidwa ndi yunivesite.

Mphunzitsi watsopano: Ndaonamo. Masamu onse alimo. Structural analysis anachita kosi imodzi yokha, pomwe athu amachita ziwiri, ndipo finite element method mulibe.

Mayi Dokotala a zamakina: Ndiye vuto lachepa. Lemberani komiti ya maphunziro apamwamba kuti alandiridwe, koma akhoze kaye makosi awiriwo m'semesita yoyamba. Ikani makosi ake ndi anu mbali ndi mbali papepala limodzi, komiti siikana chinthu chimene ikuchiona ndi maso. Muonenso tsiku limene analemba mayeso a Chingerezi a IELTS, zotsatira zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha.

Phulofesa wa zamagetsi: Chimodzi chokha, mwana wanga, ndipo ndikunena chifukwa ndikukufunirani zabwino. Mwati mukumufuna. Tonse tikudziwa kuti kukwezedwa kumadalira mapepala amene mwasindikiza ndi ophunzira amene mwawatsogolera mpaka kumaliza, ndipo mphunzitsi watsopano amakhala ndi njala ya zonse ziwiri. Njala imeneyo isaweruze fomuyi. Uzani wapampando poyera kuti mukufuna kudzamuyang'anira, kenako mutuluke pamene akuvota. Akalowa chifukwa cha mawu a ena, palibe adzanene kuti munamulowetsa pakhomo lakumbuyo, ndipo akadzavutika ndi makosiwo dipatimenti yonse idzamuthandiza.

Mphunzitsi watsopano: Ndamva, a Phulofesa. Pepala loyerekeza makosi ndilemba usiku uno, ndipo wapampando ndiwauza komiti isanakhale.