DeepL Pro ndilipire kapena ndingolimbana ndi zaulere? Mapepala anga ali mu Chisipanishi

wa_ku_Bunda: Anzanga ndithandizeni maganizo. Ndikulemba research ya ntchemberezandonda mu chimanga ndiye mapepala ambiri abwino ali mu Chisipanishi, a ku Mexico, Honduras, Nicaragua uko, poti mboziyi kwawo ndi komweko, kuno ku Africa inangofika mu 2016. Iwo amaitcha gusano cogollero. Ndikuganiza zolipira DeepL Pro kuti ndizingoponyamo PDF yonse ituluke mu Chingerezi koma imafuna ndalama yakunja, ndipo mukudziwa mmene kwacha ilili chigwereni mu Novembala 2023. Ndi yoyenera ndalama yake?

achimwene_Joni: Lipirani amwene. Yolipira ili ndi glossary yaikulu, mumaiuza nokha kuti liwu ili lizimasuliridwa chonchi ndipo imatsatira pepala lonse. Komanso zomwe mwaikamo amazifufuta akamasulira, zomwe ndi nkhani yaikulu ngati a supervisor akupatsani data yosasindikizidwa

mayi_wa_data: Mwanawe ndikuchenjeze, vuto lako si ziganizo ayi, ziganizo ngakhale makina aulere amazikhoza bwino masiku ano. Vuto lili mu matebulo ndi mawu a trial. Testigo mu dikishonale ndi mboni, koma mu trial ya kumunda ndi control, puloti yosathira mankhwala ija. Ensayo ikhoza kukhala essay, trial kapena assay ya mu labu. Rendimiento ndi yield pa mbewu koma performance pa mashini. Ndiye pali manzana, lomwe aliyense amadziwa kuti ndi apulo, koma ku Central America ndi muyeso wa munda, pafupifupi mahekitala 0.7. Ukaona qq/mz ndi quintal pa manzana, quintal yawo ndi mapaundi 100, cha m'ma 45 kg, pomwe quintal métrico ndi 100 kg. Ndiye 60 qq/mz ndi matani pafupifupi 3.9 pa hekitala, zimenezi palibe subscription ingakuwerengere

wa_ku_Bunda: Eeh mayi za manzana sindimadziwa, ndaiona kale mu tebulo ina

mayi_wa_data: Usamalenso ndi comma mu manambala. Ku Spain, Colombia, Argentina amalemba 2,5 pomwe ife timalemba 2.5, ndipo 1.250 kwa iwo ndi 1250. Ku Mexico amalemba ngati ife. Ukakopera mu Excel osayang'ana dziko la pepalalo ma mean onse asokonekera. Billón nayo si billion, ndi trillion.

achimwene_Joni: Zoona mayi koma ndi chifukwa chake ndikunena glossary, muikamo testigo = control kamodzi basi mwathana nazo

extension_Dedza: Koma kuti aike mu glossary ayambe wadziwa kaye liwu lolondola achimwene, ndipo kumeneko zaulere zilipo zambiri. AGROVOC ya FAO ili ndi mawu a ulimi mu zilankhulo zambiri, Chisipanishi ndi Chingerezi zili momwemo. Za umoyo kuli DeCS, mndandanda wa mawu a zaumoyo wa bungwe la BIREME, womwe umayendera limodzi ndi mndandanda wa ku America wotchedwa MeSH. IATE, nkhokwe ya mawu ya EU, nayonso ndi yaulere. Ine chomwe ndimapanga, mapepala ambiri a pa SciELO ndi Redalyc, mawebusaiti osunga mapepala a research, amakhala ndi resumen ya Chisipanishi ndi abstract ya Chingerezi yolemba eni ake, ndimaziika pambali pa inzake nkumatola mawu, bloques completos al azar ndi randomized complete block, parcelas divididas ndi split plot, desviación estándar ndi standard deviation, mapepala ochepa chabe kope lako ladzadza. CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu, likulu lake lili ku Mexico ndipo imatulutsa zambiri mu zilankhulo zonse ziwiri, yambira kumeneko.

achimwene_Joni: Nthawi nayo ndi ndalama akulu, munthu ali ndi deadline

mayi_wa_data: Ngati ndi choncho alipire mwezi umodzi wokha, asonkhanitse kaye ma PDF onse ndi mawu ake a glossary, awamasulire mwezi womwewo nkusiya. Za chaka chonse ayi. Ndipo matebulo onse achite kuwerenga yekha kuchokera mu pepala la Chisipanishilo.

wa_ku_Bunda: Ndayamba ndi AGROVOC usiku uno, zolipira ndiona ndikatolera mapepala onse. Mayi ndikutumizirani tebulo ya ku Honduras ija mundionereko ngati ndasintha bwino kupita ku t/ha

mayi_wa_data: Tumiza pamodzi ndi gawo la materiales y métodos, ndione quintal yomwe anagwiritsa ntchito