Bambo awachita opaleshoni ya matumbo Lachiwiri, Lachitatu akuti adzuke ayende. Kodi ndi mmene zimakhalira?

MwanaWaZolozolo

Anzanga ndithandizeni nzeru, makamaka inu ogwira ntchito m'zipatala. Ndikulemba ndili pakhonde la wodi, foni ili pa chaja yobwereka kwa gadiyani mnzanga, ndiye mukaona zolakwika mundikhululukire.

Bambo anga ali ndi zaka 67. Kwathu ndi ku Ntcheu koma iwo akalambira konkuno, ankacheka matabwa ku Chikangawa, pano timakhala nawo ku Zolozolo, mumzinda wa Mzuzu. Loweruka anayamba kudandaula m'mimba, ife nkumati ndi nyemba za dzulo lake. Lamlungu mimba inayamba kufufuma, kuchimbudzi osapita, ngakhale mpweya osatuluka. Mayi anawawiritsira mizu, ine ndinakagula mapiritsi pagolosale. Pofika Lolemba usiku mimba inali itauma gwa, ukaigogoda nkumalira ngati ng'oma. Apo ndiye tinapeza takisi. Atawajambula, adokotala anati matumbo apotana ngati mmene umapotera thaulo pofinya, ndipo mbali ina yayamba kuda. Lachiwiri mbandakucha analowa ku thiyeta. Anadula mbali yoonongekayo nkulumikiza. Bala lake ndi lalitali, kuyambira pamwamba pa mchombo kutsika mpaka pansi.

Nkhani yanga nayi. Lachitatu m'mawa kunabwera a nesi ndi mnyamata wa mafizo, akuti bambo akhale tsonga, miyendo ilendewere m'mbali mwa bedi. Masana anabweranso nkuwaimiritsa, dripu ili pamkono, thumba la mkodzo ndanyamula ine. Anaponda mwina kasanu, thukuta kamukamu, nkhope itasinthiratu. Mayi anatuluka panja kukalira. Azakhali atabwera nthawi yoona odwala anandikalipira pamaso pa anthu, ati ndine mwana wopanda chisoni, munthu wang'ambidwa mimba dzulodzuloli ungamuyendetse bwanji, ulusi uduka matumbo akhuthukire pansi. Iwo akuti malemu amuna awo atawachita opaleshoni kalekale anagona chagada sabata yathunthu osagwedezeka.

Lero Lachinayi achotsa chubu cha m'mphuno, ati tiyambe kuwapatsa madzi pang'onopang'ono, zikayenda bwino mawa tiyi ndi phala lamadzimadzi. Azakhali akukananso, komanso alamula kuti mazira ndi mkaka asadzalawe mpaka bala litapola chifukwa zimabweretsa mafinya.

Chinanso, m'mawa uliwonse adokotala amafunsa ngati bambo atulutsa mpweya, ndipo amayang'ana ine. Tangoganizani, mwana kukawafunsa bambo ondibala kuti mwaphwisa? Ndimachita kutuma mayi.

Ndiye ndiuzeni zoona: kuyendetsaku ndi chithandizo, kapena akungofuna bedi? Wodi ndi yodzaza, usiku nesi amakhala mmodzi kapena awiri.

WaKabazaKuChibavi

Pepani ndi matenda achimwene. Koma ine ndili mbali ya azakhali, akufuna bedi basi. Ngakhale tayala ukamata chigamba umadikira guluu agwire kaye usanapope. Nanga munthu? Auzeni mwaulemu kuti bambo apume kaye.

NesiWaUsiku

Achimwene a ku Zolozolo, ndangoweruka kumene, tulo tili m'maso, koma iyi sindingaidutse. A Kabaza, bedi timalifunadi, sindinama. Koma munthu amene amatitsekera bedi nthawi yaitali ndi uja tamusiya chigonere, chifukwa amayamba matenda ena amene sanabwere nawo.

Ndiyambe ndi ulusi, poti ndi umene ukuwaopsa azakhali. Umene mukuuona pakhunguwo si umene wagwira mimba ya bambo. M'kati muli wina wolimba kwambiri, wosoka chikopa cholimba chija chimene chimamanga minofu ya pamimba, ndipo matumbowo ali ndi msoko wawo. Kuimirira ndi kuyenda pang'onopang'ono sikungaudule. Zimene ndaona zikutsegula mabala ndi mafinya, chifuwa chosalekeza, mimba kufufumanso, shuga wosasamalidwa ndi thupi losowa chakudya.

Tsono taonani zimene zimachitika munthu akagona chagada. Bala la pamimba limapweteka akakoka mpweya wambiri, ndiye amangopumira pamwamba, kutsokomola amaopa. Makhololo amakhazikika pansi pa mapapo, pakapita masiku awiri atatu thupi latentha, chibayo chalowa. Kwa bambo a zaka 67, ndipo ngati ankasuta ndiye kwambiri, chibayo chimenechi ndimachiopa kuposa balalo. Chachiwiri ndi magazi. Miyendo ikakhala osagwira ntchito magazi amaundana m'mitsempha ya m'katumba, ndipo kachibuma kake kakathothoka kamakatseka mtsempha wa kumapapo. Munthu amene m'mawa amacheza bwinobwino, masana mwangomva wabanika. Kuwonjezera apo minofu ya munthu wachikulire imasungunuka msanga pabedi, sabata imodzi yokha amadzuka miyendo ili lendelende, komanso kumatako kumayamba zilonda.

Pomwe ndingakuthandizeni ndi kachitidwe kake, chifukwa thukuta lija likusonyeza kuti mwina anadzuka ululu uli pamwamba. Muzipempha kuti alandire mankhwala opha ululu kaye, papite theka la ola, kenako adzuke. Musachite manyazi kupempha, ndipo bambo asamalimbe mtima kuti ndine mwamuna. Asadzuke molunjika ngati akuchita masewera. Atembenukire chammbali, miyendo itsike, adzikankhe ndi chigongono, akhale kaye mphindi zingapo chizungulire chithe. Inu muime mbali imodzi, mayi kapena gadiyani mnzanu mbali inayo. Lero mpaka kumapeto kwa bedi, mawa mpaka pakhomo la wodi. Kangapo pa tsiku pang'onopang'ono kuposa ulendo umodzi wautali. Ali pabedi azigwedeza mapazi ngati akupalasa njinga, komanso ola lililonse akakhala maso azikoka mpweya wodzaza chifuwa kangapo.

Za mpweya zija ndaseka. Matumbo akagwidwagwidwa ku thiyeta amakhala ngati akomoka, ndipo kuphwisa ndiyo nkhani yoyamba yotiuza kuti atsitsimuka. Ife kuwodi ya opaleshoni timaulandira ngati uthenga wa ukwati. Ngati pakamwa pakulemera, ingonenani kuti bambo, mphepo yadutsa? Amva.

Mazira ndi mkaka sizibweretsa mafinya. Mafinya amabwera ndi tizilombo tolowa pabala, nthawi zambiri kudzera m'manja. Adokotala akadzalola chakudya, dzira, usipa, nyemba, phala la soya kapena lothira nsinjiro ndizo njerwa zomangira balalo. Chimene muwaletse azakhali ndi kutsegula bandeji kuti aone, kapena kupakapo chilichonse chochokera kunyumba.

MayiAkuKatoto

Ine si wachipatala, ndimagulitsa kaunjika, koma ndabereka kawiri pa siza. Ulendo woyamba ndinamvera apongozi, nesi akabwera ndinkanamizira tulo. Tsiku lachitatu mimba inadzaza mpweya, kupweteka kwake kuposa bala, ndipo pamene ndinadzati ndidzuke ndinagwera pabedi la mnzanga. Ulendo wachiwiri ndinadzuka mawa lake lomwe, ndikuyenda chowerama ngati gogo, koma ndinatuluka msanga ndipo mwana ndinkamunyamula ndekha. Ndikudziwa kuti siza ndi matumbo ndi zosiyana, ndikungonena zimene thupi langa linaona.

Nzeru imene anandipatsa mzamba wina: pindani chitenje kanayi kapena tengani pilo, bambo akafuna kutsokomola, kuyetsemula kapena kuseka azikanikiza pabala ndi manja onse awiri. Zimathandiza zedi. Ndipo kuzizira kwa Mzuzu mukukudziwa, m'wodi m'bandakucha mumalowa chisanu, abweretsereni bulangete lina ndi masokosi, koma slipasi zikhale zosaterera.

Azakhaliwo musakangane nawo pagulu, ndi mantha chabe, mlongo wawo ameneyo. Apatseni ntchito. Auzeni kuti iwo ndiwo aziphika phala, muona mtima ukhala pansi.

ClinicalOfficerWakale

A nesi anena zonse za kuyenda, ine ndingowonjezera pamene pakuchokera kusiyana kwa nthawi ya malemu amuna a azakhali anu ndi lero. Azakhali sakunama. Ifenso tinaphunzira choncho: wodwala agone, chubu m'mphuno masiku ambiri, pakamwa osalawa kanthu mpaka matumbo alire. M'zaka za m'ma 1990 dokotala wa maopaleshoni wa ku Denmark, Henrik Kehlet, anaonetsa kuti odwala matumbo amachira msanga ukawaletsa ululu bwino, kuwadzutsa msanga ndi kuwayambitsa kudya msanga. Njira imeneyi pano imatchedwa ERAS ndipo yafala m'maiko ambiri, olemera omwe, kumene bedi si vuto. Ngakhale kusala kudya munthu asanalowe ku thiyeta kunasintha. Pa opaleshoni yokonzekera, malangizo a masiku ano amati munthu asiye chakudya kutatsala maola 6, madzi oyera kutatsala maola 2, pamene kale tinkangoti kuyambira pakati pa usiku osalawa kanthu. Koma ya bambo anu inali yadzidzidzi ndipo matumbo analumikizidwa, choncho za chakudya mverani amene anawatsegula, ndiye anaona mmene m'katimo munalili. Akati supuni zitatu, zikhale zitatu.

Ku thiyeta nakonso zinthu zinasintha. Mu 2008 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mndandanda wa mfundo 19 zoti gulu lonse liziyankha mokweza: wodwala ndi yemweyu kodi, tikutsegula pati, mankhwala oteteza ku mafinya alandira, nsalu zopukutira magazi ndi zipangizo zakwana tisanatseke. Achinyamata ena ankaziona ngati mwambo wotaya nthawi, mpaka tsiku limene kuwerenga sikunakwane.

Koma chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Mu 2018 magazini ya zachipatala ya Lancet inasindikiza kafukufuku wa odwala oposa 11,000 m'maiko 25 a mu Africa. Anapeza kuti odwala athu, ngakhale ambiri ndi a zaka zochepa kuposa odwala a maiko ena, amamwalira pambuyo pa opaleshoni kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi dziko lonse lapansi, ndipo pafupifupi onse sanafere patebulo, anamwalira masiku otsatira ali kuwodi. Vuto limayamba, palibe waliona msanga. Nesi mmodzi sangayang'ane mabedi onse nthawi imodzi, ndiye maso ake ndi inuyo agadiyani.

Msoko wa matumbo ukati udonthe, kawirikawiri zimaoneka chakumapeto kwa sabata yoyamba, ndiye masiku mukulowawa musatayirire poona kuti akuyenda. Mukaona thupi latentha, mtima ukuthamanga, akupuma mwabefu, mimba yayambanso kufufuma kapena kuuma gwa, ululu ukukula m'malo mochepa, akusanza zobiriwira, mkodzo wachepa m'thumba, ayamba kubwebweta, katumba mmodzi watupa, kapena bandeji yanyowa ndi madzi ofiirira ngati otsukira nyama, musadikire kuti adokotala adzazungulira m'mawa. Kagogodeni nthawi yomweyo, ngakhale 2 koloko usiku. Akakuyankhani mwaukali pirirani, bwererani kachiwiri. Ndipo musawagulire bufeni kapena indosidi pagolosale osafunsa, kwa munthu wachikulire amene wangochitidwa opaleshoni mankhwala amenewa angathe kuvulaza impso ndi chifu.

Ndikudzudzuleni pang'ono ngati mkulu wanu. Kupotana kwa matumbo tikukuona kwambiri kuno kwathu, makamaka mwa abambo. Munthu wa ku Chitipa kapena ku Likoma akachedwa kufika ku Mzuzu Central Hospital ndimamvetsa, mtunda ndi wautali. Koma Zolozolo? Mimba yofufuma, chimbudzi ndi mpweya zitaima, imeneyo ndi ya tsiku lomwelo. Mukanafika Lamlungu mwina thumbo likanapezeka lisanade. Thokozani kuti zatheka kulumikiza, ena amatuluka ndi thumba la chimbudzi pamimba kwa miyezi.

WaKabazaKuChibavi

Chabwino akuluakulu, ndagonja, za tayala ndabweza. Koma tsiku lotuluka musadzawakweze njinga yamoto, ndikunena ine mwini ntchito. Misewu ya ku Zolozolo ija ngakhale wabwinobwino amatsika msana ukuwawa.

MwanaWaZolozolo

Zikomo nonse. Ndawawerengera mayi zonse, za a nesi ndachita kubwereza kawiri. Dzulo madzulo ndinapempha mankhwala kaye monga munanenera, ndipo bambo anafika pakhomo la wodi, chitenje cha mayi atachikumbatira pamimba. Lero Lachisanu afika mpaka pakhonde pomwe ndimachajira foni, anaima kuotha kadzuwa, nkufunsa ngati nkhuku zawo zikupatsidwa madeya.

Mphepo yadutsa usiku. Sindinafunse ndine, anena okha kwa adokotala, mwaulemu wake wonse, ine nkuyang'ana kudenga. Phala amwa supuni zisanu ndi imodzi, lophika azakhali. Za mazira sitinagwirizanebe, ati tidzakambirana kunyumba.

A Clinical Officer, chidzudzulo ndalandira, palibe chonena. Ndalemba zizindikiro zija kuseri kwa buku lawo la kuchipatala ndipo gadiyani wa bedi loyandikana nafe wazikopera. Funso lina: akuti ulusi wa pakhungu adzachotsa pakatha masiku 10 kapena kuposerapo, ndipo asanyamule zolemera kwa masabata 6. Munthu wake ndi uja sakhala pansi, kuseri kwa nyumba ali ndi dimba la mpiru ndi khasu lake. Kuthirira ndi kheni yaing'ono kukuwerengedwa ngati kunyamula zolemera, kapena ndikabise kheniyo kwa aneba?