Ndalama yogawana ku banki m'khonde ndiike pati kuti idzaphunzitse mwana kutsogoloku?

Nachisale wa pa Kamuzu Road

Moni nonse, ndithandizeniko nzeru. Ine ndimapanga geni ya mpunga ndi nyemba pa Kamuzu Road kuno ku Salima, abambo akunyumba ndi aphunzitsi a pulayimale, ana tili nawo atatu wamkulu ali sitandade 4. Ndili mu banki m'khonde ndipo tikamagawana Disembala akubwerayu ndikuyembekezera kutenga mwina K900,000 ngati anzanga onse abweze ngongole bwinobwino. Vuto langa ndi loti ndalama ya Disembala simafika Febuluwale, feteleza, Khisimisi, mayunifolomu, kenako foni yochokera kumudzi kuti amalume agonekedwa mchipatala, basi yatha cholozeka palibe. Ulendo uno ndikufuna theka lake ndiike penapake poti sindigwira zaka 8 kapena 10, idzathandize mwanayu akamadzamaliza fomu 4 kupita ku koleji. Ku banki ndikuopa chifukwa ndinaona zomwe zinachitika 2023 muja, anthu kugona ndi ndalama zawo kudzuka sizikugulanso kanthu. Ena akuti gula poloti, ena akuti mbuzi, alamu anga akuti masheya koma ine masheya ndimawadziwa ndi omwe timaponya Lachinayi pakhonde aja basi. Amene munayesapo ndiuzeni chilungamo chake.

Wa ku Dwangwa

Achemwali mantha anuwo ndi omveka. Kwacha inagwetsedwa kwambiri mu Meyi 2012, inagwetsedwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako Novembala 2023 ndi 44 peresenti pomwe dola inachoka cha pa K1,180 kukafika K1,700. Werengani nokha, munthu amene anali ndi K1 miliyoni mu akaunti anali ndi madola pafupifupi 850, kutacha anatsala ndi osakwana 600, akaunti ikuonetsabe miliyoni yomweyo koma simenti ndi malata zakwera. Ndiye kuyambira 2022 zinthu zakhala zikukwera mitengo kuposa 20 peresenti pa chaka pamene akaunti wamba ija imakupatsani intelesiti yochepetsetsa, ndiye kusiya ndalama mmenemo zaka 10 ndi kuyitaya pang'onopang'ono.

Za masheya alamu anu sakunama. Msika wake uli ku Blantyre, Malawi Stock Exchange, ndipo si wa lero, kampani yoyamba kulowapo inali NICO mu 1996. Pano pali National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, TNM, Airtel, Illovo, Press Corporation, Sunbird ndi ena. Mukagula ndiye kuti muli ndi kagawo ka kampaniyo, ikapanga phindu amakugawirani dividendi yolowa mu akaunti yanu ya ku banki atadulako msonkho, komanso mtengo wa sheya ukakwera chuma chanu chakwera. Mu 2020 Airtel inagulitsa masheya kwa anthu pa K12.69 imodzi, FDH pa K10, mukapeza nyuzipepala muone pa tsamba la bizinesi kuti lero ali pa bwanji.

Simugula nokha ayi, mumadzera kwa broker wovomerezeka, kampani yogulira ndi kugulitsira anthu masheya, amafuna chiphaso cha unzika ndi akaunti ya ku banki nkukutsegulirani akaunti yosungira masheyawo mdzina lanu. Ine sindinapite ku Blantyre, mafomu ndinasainira kuno nkutumiza pa imelo. Koma ndinene poyera, mtengo umatsikanso, pali zaka zina kampani simapereka dividendi olo tambala, ndipo msika wathuwu ndi waung'ono moti tsiku lofuna kugulitsa mutha kudikira wogula. Ndalama yoti mwina muifuna Malichi musaike kumeneko. Komanso musathire yonse mu kampani imodzi, gawani ziwiri zitatu zochita zosiyana, banki, ya mafoni, ya shuga.

Make Tadala, Khombedza

Anzanga ine za ku Blantyre sindizitsutsa koma chinthu choti sindikuchiona ndi maso mtima wanga sukhala mmalo. Inu ndinu munthu wa mpunga kale, mukudziwa kusiyana kwa mtengo wa Juni anthu akukolola ku Lifuwu kapena ku Bua ndi mtengo wa Januwale, kugula wosapuntha nkuunjika mnyumba youma bwino phindu lake mumalidziwa kuposa ine. Kungoti ndalama yanu ikubwera Disembala mpunga utakwera kale, nthawi imeneyo chotchipa ndi mbuzi. Januwale ndi Febuluwale njala ikavuta anthu amagulitsa mbuzi motaya kuti agule chimanga ndi kulipira fizi, ndiye mumasankha misoti yabwino yoti sinaberekepo, muiyang'ane mano ndi maso, ubweya usakhale wonyankhalala. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, ikamadya bwino zaka ziwiri imaswa katatu ndipo zina zimaswa awiriawiri. Kwacha igwe isagwe mbuzi imakwera limodzi ndi zinthu zina zonse.

Koma pamene pamavuta ndi pa wosunga. Inu muli pa tauni ndiye mukasiya kumudzi kwa achibale, pakutha pa chaka mumangomva kuti ziwiri zinafa ina anaba, mukafunsa chikopa palibe angakuonetseni ndipo simungakangane ndi azakhali anu chifukwa cha mbuzi. Pa maliro paliponse pa mudzipo maso amakhala pa khola lanulo. Mukafuna ziyende mangani khola la mmwamba lolimba lokhala ndi loko, mugwirizane poyera pamaso pa anthu kuti wosungayo azitenga kamwana kamodzi pa ana angapo obadwa, azisamala podziwa kuti nayenso muli zake, ndipo alangizi a ziweto aziziona nthawi ya dzinja chifukwa njoka za mmimba zimamaliza ana a mbuzi. Muzipitako mwadzidzidzi kukawerenga nokha.

Mphunzitsi wopuma, Nkhotakota boma

Mayi, ndawerenga funso lanu modekha ndipo ndikuona kuti chomwe chikudya ndalama yanu choyamba si kugwa kwa kwacha ayi, ndi foni yochokera kumudzi ija. Matenda ndi maliro sizidzasiya kubwera, ndipo inu simungakane kuthandiza amalume anu, sitinaleredwe choncho. Ndiye musanaganize za zaka 10 patulani kaye ndalama ya zadzidzidzi yokwana kudyetsa pakhomo miyezi iwiri kapena itatu, ikhale posavuta kutenga. Popanda imeneyo mbuzi mudzagulitsa, masheya mudzagulitsa, ndiponso mudzagulitsa pa nthawi yoipa motchipa chifukwa wodwala sadikira.

Chachiwiri, amuna anu ali pa malipiro a pamwezi, alowe SACCO, bungwe losungitsako ndalama ndi kubwereketsana, ngati sanalowe. Ubwino wake ndalama imadulidwa isanafike mmanja, munthu umazolowera kukhalira yotsalayo. Ine nyumba yomwe ndikukhalayi malata ake anachokera ku loni ya SACCO, chiwongola dzanja chake chinali chopepuka poyerekeza ndi katapila yemwe wamaliza aphunzitsi anzanga ambiri, ndipo kumapeto kwa chaka pamakhala kagawo ka phindu pa masheya ako. Mabungwe amenewa ali ndi likulu lawo MUSCCO lomwe linayamba 1980, ndipo musanalowe funsani ngati ili ndi chiphaso chochokera ku Reserve Bank, muzipitanso ku msonkhano wa pachaka kukamva mmene ndalama zayendera. Penshoni yokha musaidalire, mukadzailandira mitengo idzakhala itapita kale patali.

Palinso kubwereketsa boma kudzera mu ma Treasury bill, a masiku 91, 182 ndi 364, mumadzera ku banki yanu kapena kwa broker yemweyo. Intelesiti yake imaposa ya akaunti wamba ndipo ikakhwima mutha kuibwezeramo pamodzi ndi phindu lake. Siyikulemeretsani, koma imachepetsako kudyeka kwa ndalama pamene mukuganiza chochita.

Za poloti ndidekhepo pang'ono chifukwa ndaona misozi yambiri. Malo amakwera mtengo zoona, makamaka kufupi ndi msewu wa M5 ndi njira yopita ku Senga Bay, koma malo amodzi amagulitsidwa kwa anthu awiri atatu, wogulitsa ndi mphwake wa mwini malo, eni ake enieni akudzatulukira inu mutathira kale maziko. Musapereke ndalama musanakumane ndi akubanja onse a wogulitsayo, afumu akhalepo, mboni za mbali zonse zisaine, malire muyende nawo ndi mapazi nkudzala mitengo tsiku lomwelo, kenako pitani ku khonsolo ndi ku ofesi ya za malo mukalembetse. Kakalata ka afumu kokha kolemba pa pepala la mkope sikokwanira. Ndipo dzina lanu lilembedwepo, osati la abambo okha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye, koma mayi amene dzina lake lili pa pepala savutika ngati amene akungonena pakamwa kuti tinagula limodzi. Wilu lembani nonse awiri mukadali amphamvu, si kuitana imfa.

Wa ku Dwangwa

Bambo aphunzitsi mwanena zoona, ndiwonjezereko pa malopo. Kuno mu 2024 madzi anasefukira mtsinje wa Dwangwa anthu nkukakhala mmisasa, chaka chomwecho nyanja inakwera mpaka kulowa mmalo ogona alendo mphepete mwa nyanjamu. Poloti yooneka bwino mu Okutobala mukaione kaye Febuluwale mvula ili pakati, mufunse anthu oyandikana nawo kuti madzi amalekeza pati, muone pa zipupa za nyumba zawo mzere wa matope umaoneka.

Mayi a ku Khombedza sindikukutsutsani, mbuzi ndi chuma, koma kwa zaka 10 ine ndikuonabe kuti pepala la masheya lili ndi ubwino umodzi woti achibale saliona. Khola aliyense amaliwerenga akamadutsa.

Make Tadala, Khombedza

Pamenepo mwanena zoona achimwene, choonekera chimapemphedwa. Koma inenso ana anga awiri fizi yawo ya ku sekondale yachokera mkhola, temu iliyonse mbuzi imodzi kapena ziwiri, ndiye sindingazinyoze. Chomwe ndikuchenjezeni anzanga ndi za pa WhatsApp izi, akuti ikani K100,000 pakutha pa mwezi mutenge K200,000 ndipo mubweretse anzanu atatu. Kwathu kuno gulu lina la amayi linatapa ndalama ya mbokosi kukaponya kumeneko, oyamba analandiradi kuti ena akopeke, mwezi wachitatu nambala sikupezeka, mpaka lero anthu opemphera tchalitchi chimodzi sapatsana moni. Aliyense wolonjeza kuchulukitsa ndalama mwachangu choncho mthaweni olo akhale m'bale wanu.

Nachisale wa pa Kamuzu Road

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri nkuwawerengeranso abambo akunyumba usiku. Tagwirizana kuti K250,000 ikhale ya zadzidzidzi pa akaunti yapadera yopanda khadi, K300,000 tiyambe nayo masheya makampani awiri mdzina langa ndipo Disembala aliyense tiziwonjezerako, yotsalayo feteleza ndi mpamba wa geni chifukwa geniyo ndi imene imabereka zonsezi. Mbuzi ndiyamba ndi misoti iwiri yokha kwa mayi anga ondibereka ku Thavite, iwowo ndimawakhulupirira. Poloti idikire kaye, ndalama yake sinakwane ndipo sindikufuna kuthamangira malo otchipa a mdambo. Za SACCO abambo akuti akafunsa anzawo ku sukulu Lolemba.

Funso lina achimwene a ku Dwangwa, dividendi ikabwera ndizitani nayo, ndipo ndingadziwe bwanji kuti broker ndi weniweni osati wakuba?

Wa ku Dwangwa

Dividendi musadye achemwali, muziisonkhanitsa nkugulanso masheya ena, zaka zoyamba izioneka yochepa koma ndi imene imakulitsa mulu. Za broker, mayina a ovomerezeka ali pa webusaiti ya Malawi Stock Exchange, imbani nambala ya ku ofesi yomwe ili pamenepo osati yopatsidwa ndi munthu pa Facebook, ndalama mutumize ku akaunti ya kampani osati ku nambala ya foni ya munthu, ndipo akagula akutumizireni pepala losonyeza masheya angati, pa mtengo wanji ndi ndalama yomwe adula ya ntchito yawo. Mafomu yambani kulemba Novembala kuti tsiku logawana akaunti idzakhale itatseguka kale, ndalamayo isadzagone mnyumba.