Pepala la mlongo wanga lalembedwa CD20, ndipo akuti dripi yake imasankha maselo. Imasankha bwanji?

NaPhiri wa ku Rosettenville

Moni abale nonse a kuno ku Joni. Ndikupempha amene amagwira ntchito ku labu kapena anaphunzira za magazi andithandize.

Ndimakhala ndi mlongo wanga wamng'ono, amawotcherera zitsulo ku Booysens. Anatupa mwanabele m'khosi mbali ya kumanzere, wosapweteka koma wongokulirakulira. Usiku thukuta linkachita kunyowetsa pilo, thalauzi n'kuyamba kumukhwepa. Tonse maganizo anali pa TB, popeza ali pa ma ARV (wandilola yekha kuti ndinene izi), koma makhololo sanaonetse kanthu. Kenako anamudula kanyama pachotupapo, ndipo zotsatira zati ndi khansa yotchedwa diffuse large B-cell lymphoma. Papepalapo pali mzere wakuti CD20 positive. Adokotala anauzunguliza ndi cholembera n'kunena kuti pamenepa ndi pabwino, chifukwa pali mankhwala olunjika pomwepo, dzina lake rituximab. Azilandira pamodzi ndi mankhwala ena anayi, pakapita milungu itatu iliyonse, maulendo 6.

Panja panali mzere wa odwala anzathu, choncho sindinafunse zambiri. Ndiye ndifunse kuno.

CD4 ife timaidziwa, takhala nayo zaka. Nanga CD20 ndi chiyani? Amayi ku Ntcheu atamva pafoni analira, ati asilikali a mwana wawo atsika kufika pa 20, chonsecho CD4 yake inali kupitirira 300. Komanso madzi a m'dripi alibe maso, amadziwa bwanji kuti selo ili ndi la khansa, ili ayi?

Chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi ichi. Azakhali a ku Turffontein abweretsa mabotolo awiri a zokwezera chitetezo amene agula m'tauni. Akuti kemo imapha asilikali, ndiye tiwadzutse asanayambe. Ine ndawaika pamwamba pa wadilobu, sindinamupatse. Azakhaliwo ndi amene anatilandira titangofika kuno, ndipo sindikufuna kuwanyoza. Koma ndikufuna ndimvetse ndisanawayankhe.

Gondwe wa ku labu

Pepani ndi matendawa, achemwali. Amayi auzeni mtima ukhale m'malo, 20 ameneyo si chiwerengero cha asilikali.

Selo lililonse la m'magazi lili ndi timapuloteni tomera pakhungu pake, ndipo mtundu uliwonse wa maselo uli ndi take. Asayansi atayamba kutipeza tambiri, aliyense akutitchula mwake, anakumana ku Paris mu 1982 n'kugwirizana zotipatsa manambala. Lero manambalawo anadutsa 300. CD4 ndi kapuloteni ka pa maselo a T amene amalamulira anzawo, ndipo tikati CD4 yanu ndi 350 timatanthauza maselo 350 okhala ndi kapulotenika mu microlitre imodzi ya magazi. CD20 ndi kena, kamakhala pa maselo a B, amene amadzapanga ma antibody, mapuloteni omata pa adani a thupi. Khansa ya mlongo wanu yachokera ku maselo a B ndipo sinataye kapuloteni kameneka. Ndi zimene pepalalo likunena basi.

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yomweyi. Timathira m'magazi ma antibody opakidwa utoto wowala, makina n'kumadutsitsa maselo limodzilimodzi pa laser, kuwerenga amene agwidwa ndi utoto uti. Njira yowerengera CD4 imene ma labu a boma kuno amagwiritsa ntchito inakonzedwa konkuno ku yunivesite ya Wits ndi Pulofesa Debbie Glencross. Imayambira pa CD45, imene ili pa maselo oyera onse, ndipo inatsitsa mtengo wa kuyezaku pa nthawi imene anthu miyandamiyanda ankayamba ma ARV. Ndimanyadira nazo.

Tsopano za dripi. Rituximab ndi antibody yopangidwa kufakitale. Maonekedwe ake ali ngati chilembo cha Y. Nsonga ziwiri zam'mwambazo zimangokwana pa CD20 pokha, pena paliponse zimadutsa osagwira. Zikagwira, mchira umatsala panja, ndipo mchirawo ndi umene umaitana akupha. Maselo otchedwa NK ali ndi receptor yakeyake (kapuloteni kolandira chizindikiro), CD16, yomwe ikakhudza michira yambiri itaunjikana pa selo limodzi, selo la NK limadzuka n'kuboola linzakelo. Ma macrophage a m'chiwindi ndi m'kapamba amameza maselo oterowo athunthu. Palinso mapuloteni oyandama m'magazi, a complement, amene amabowola khungu la selo. Zili ngati katundu wa pa basi yopita ku Blantyre: wolemba dzina pathumba ndi wina, wotsitsa ndi wina. Rituximab amangolemba, otsitsa ndi thupi la mlongo wanu lomwe.

Koma pano mvetsetsani, chifukwa anthu ambiri amaphonya. Mankhwalawa sadziwa khansa, amadziwa CD20. Maselo a B abwinobwino nawonso amapita limodzi. Chimene chimapulumutsa munthu ndi chakuti maselo oyambitsa magazi a m'mafupa alibe CD20, ndipo maselo a B okhwima kotheratu, amene akutulutsa kale ma antibody, anaitaya. Choncho mbewu imatsala, ma antibody akale amapitiriza kupangidwa, ndipo maselo a B atsopano amabwerera pakatha miyezi 6 mpaka chaka. Amene anasankha CD20 anasankha mwanzeru.

Anayi enawo, cyclophosphamide, doxorubicin, vincristine ndi prednisone, sasankha chonchi. Atatu oyambawo amagwetsa selo lililonse logawikana msanga, n'chifukwa chake tsitsi limathothoka ndipo m'kamwa mumatuluka zilonda. Luso lopanga antibody yolunjika pa chinthu chimodzi analipeza Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge mu 1975, ndipo rituximab anavomerezedwa ku America mu 1997. Si mankhwala oyeserera ayi.

Bambo Mbewe, Cosmo City

Mwana wanga, limba mtima. A Gondwe zikomo, mwafotokoza zomveka ngakhale kwa ife a sukulu yakale.

Ine kwathu ndi ku Chikwawa. Kumeneko tinkaona ana akutupa chibwano, tsaya kukula mpaka mano kugwedera, ndipo amene anafulumira kupita ku Queens ena anachira ndithu. Ankati ndi Burkitt. Kodi ndi mtundu womwewu? Nanga mankhwala amenewa kumudzi anafikako, kapena ndi a kuno kokha?

Za azakhali ndinene pang'ono. Mayi ameneyo wataya ndalama zake chifukwa cha chikondi, musamuyankhe ngati wabweretsa poizoni. Ndipo kunena zoona inenso maganizo anga ali ngati ake: munthu chitetezo chikatsika, cholakwika n'chiyani kuchikweza? Ndifunsenso, ngati azungu afika polunjikitsa mankhwala pa kanthu kamodzi chonchi, bwanji osalunjika pa kachilombo ka HIV? Ndinamva kuti ku Germany wina anachiriratu.

Tadala, wophunzira ku Parktown

Bambo Mbewe, mafunso anu onse akukumana pamalo amodzi, ndiye ndiyambe ndi la HIV.

Kachilomboka sikalowa m'selo chisawawa. Kamagwira CD4 poyamba, kenako kamafuna receptor yachiwiri, CCR5 kapena CXCR4, zimene zinadziwika mu 1996. Mankhwala otseka CCR5 alipo, dzina lake maraviroc, anavomerezedwa mu 2007, koma amagwira kokha ngati kachilombo ka munthuyo kamadzera pa CCR5. Wa ku Germany uja ndi Timothy Ray Brown. Anali ndi khansa ya m'magazi, ndipo mu 2007 ku Berlin anamuika maselo oyambitsa magazi ochokera kwa munthu wobadwa wopanda CCR5 yogwira ntchito. Chibadwa chimenecho chimapezeka makamaka kumpoto kwa Europe, kwa ife n'chosowa kwambiri, ndipo chithandizocho n'choopsa moti amachipereka kwa okhawo amene khansa yawapanikiza kale. Kwa mlongo wa achemwaliwa njira ndi ma ARV omwewo, osadumphitsa.

Tsopano za kukweza chitetezo, nkhani imene imandikhudza kwambiri chifukwa ndi imene ndikuphunzira. Thupi limasamala zedi podzutsa asilikali ake. Selo la T silidzuka ndi chizindikiro chimodzi. Receptor yake iyenera kuzindikira kachidutswa ka mdani kamene selo lina laonetsa, ndipo nthawi yomweyo receptor ina, CD28, iyenera kukhudzidwa. Chimodzi chokha chikabwera, selolo limangokhala duu. Likadzuka, limatulutsanso zolibweza, CTLA-4 ndi PD-1, kuti lisapitirire muyeso. James Allison ndi Tasuku Honjo analandira Nobel mu 2018 chifukwa chopeza kuti kumasula zobwezazi kumathandiza pa khansa zina, koma odwala ena olandira mankhwala amenewo asilikali awo amatembenukira matumbo, khungu kapena chithokomiro chawo chomwe.

Mu 2006 ku London anayesa antibody yotchedwa TGN1412 pa amuna 6 athanzi. Inapangidwa kuti ikankhe CD28 mwamphamvu, kudzutsa maselo a T popanda chizindikiro choyamba chija. Pasanathe tsiku onse 6 anali mu ICU, ziwalo zikulephera kugwira ntchito, chifukwa maselo odzutsidwawo anakhuthulira m'magazi ma cytokine, mapuloteni amene maselo amatumizirana nawo mauthenga, ochuluka nthawi imodzi. Anapulumuka, koma movutikira. Ngakhale chithandizo chatsopano cha CAR-T, chimene chinavomerezedwa mu 2017, pomwe amatenga maselo a T a wodwala n'kuwaika receptor yogwira CD19 ya pa maselo a B, vuto lake lalikulu ndi lomweli, ndipo madokotala amakhala atakonzeratu tocilizumab, wotseka receptor ya IL-6, imodzi mwa ma cytokine aja, kuti azimitse motowo.

Ndipo Burkitt mwatchulayo ikuchitira umboni. Nayonso ndi khansa ya maselo a B, koma yothamanga kwambiri. Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, ndipo imachuluka kumene malungo ali ambiri, monga kwanu ku Chigwa cha Shire. Malungo obwerezabwereza amachititsa maselo a B kukhala odzuka ndi kugawikana mosalekeza, kachilombo ka Epstein-Barr kali m'kati mwawo, mpaka limodzi limalakwitsa pokopera malangizo ake. HIV nayo imasiya maselo a B ali chidzukire. Ndi chimodzi mwa zifukwa zimene lymphoma imachulukira mwa anthu okhala ndi kachilomboka. Ndiye vuto la mlongoyu si lakuti asilikali agona.

Mabotolowo sangadzutse maselo ngati TGN1412, musaope zimenezo. Choopsa chake n'chakuti sitidziwa zili m'katimo, ndipo zitsamba zina zimasintha liwiro limene chiwindi chimaphwanyira mankhwala. St John's wort, mwachitsanzo, amatsitsa dolutegravir, amodzi mwa ma ARV, m'magazi. Pa nthawi ya kemo chiwindi chili kale ndi ntchito yambiri.

Kumudzi rituximab anayesedwako. Madokotala a pa Kamuzu Central ku Lilongwe pamodzi ndi a UNC Project ya yunivesite ya North Carolina anapereka mankhwalawa limodzi ndi anayi aja kwa odwala khansa yomweyi, ambiri mwa iwo ali pa ma ARV, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2021 zoonetsa kuti n'zotheka kwathu. A WHO anawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2015. Chopinga chachikulu ndi mtengo.

NaPhiri wa ku Rosettenville

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Amayi ndawaimbira, ndawauza kuti 20 uja ndi dzina chabe, ndipo mawu awo asintha. Bambo Mbewe ndamva, azakhali ndikawaonera kwawo Lamlungu, osati pafoni. Chatsala n'chakuti dripi yoyamba ili sabata ya mawa. Tikonzekere chiyani? Iye akungofunsa ngati adzatha kupita kuntchito mawa lake.

NaNkhoma, nesi wa ku Berea

Achemwali, tsiku loyambalo mulisiyire lonse, ndipo mupite naye. Rituximab woyamba timamuyendetsa pang'onopang'ono kwa maola angapo, titapereka kaye paracetamol ndi mankhwala oletsa ziwengo, chifukwa ndi tsiku limene maselo a B ambiri amafa nthawi imodzi. Ena amanjenjemera, kutentha thupi, kuyabwa pakhosi kapena kubanika. Muuzeni asachite chamuna, anene msanga. Timaimitsa dripi, zikadekha timayambanso mochedwa. Maulendo otsatira nthawi zambiri amayenda bwino. Mkodzo ukafiira tsiku limenelo kapena mawa lake ndi doxorubicin, mtundu wake ndi wofiira, si magazi.

Musanayambe funsani ngati amuyeza hepatitis B. Munthu amene anadwalapo, kachilombo kamatha kukhala kobisala m'chiwindi, ndipo maselo a B akachoka kamadzuka mwaukali. Ngati akumwa ma ARV otchedwa TLD, tenofovir ndi lamivudine za m'menemo zimapondereza hepatitis B, ndiye kusiya mapiritsi ngakhale masiku ochepa kungamuvulaze pawiri. Mabotolo a azakhali muwatenge, mukaonetse wa ku famasi awerenge zimene zalembedwapo.

Gulani thermometer. Masiku oopsa si a dripi, ndi kuyambira la 7 mpaka la 14, pamene maselo oyera amatsikiratu. Thupi likafika 38, kaya ndi pakati pa usiku, musamupatse Panado n'kudikira kuche. Pitani ku casualty ndi khadi lake la kemo ndipo munene pakhomo pomwe kuti ali pa kemo. Za kuntchito akambirane ndi adokotala ake, koma utsi wa zowotcherera ndi mabala a zitsulo m'masiku amenewo ine sindingamulole. Ndipo ngati munali ndi ulendo wa kumudzi wa Khrisimasi, muwerenge kaye masiku a dripi ndi mapiritsi amene ali nawo musanagule tikiti.