Thandizeni, maere a chipereganyu akutulutsa manambala osokonekera

Wofunsa: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndikupanga tsamba la pa intaneti la maere a chipereganyu cha amayi 40 ku Chinamwali, kuti lizisankha wolandira ndalama. Amayi a tcheya sakundipumitsa pa foni, batire ya laputopu inafa, magetsi akungozimazima, bandulo ndikugula ndekha, mnzanga amene tinagawana naye ntchito wazimitsa foni. Pena likutulutsa 0, pena 231, ndipo mayi wina watuluka kawiri. Msonkhano ndi Loweruka. Nditani?

Sisi Dev: Achimwene, code yake ili kuti? Ndi JavaScript kapena PHP?

Mdala wa Server: NKHANI YA NDALAMA SITISEWERA NDI Math.random()! Si maere enieni amenewo. Chrome imawerengera ndi njira ya masamu yotchedwa xorshift128+, munthu wodziwa akaona manambala angapo atha kulosera otsatira. Gwiritsani crypto.getRandomValues() basi.

Wa ku Matawale: Ziroyo ndikuganiza mwalemba Math.round(Math.random() * 40). Math.random() imapereka kuyambira 0 koma siifika 1, ndiye round ikukupatsani 0 mpaka 40, ndipo 0 ndi 40 mwayi wawo ndi theka la anzawo. Mayi wa nambala 40 mukumubera. Lembani Math.floor(Math.random() * (max - min + 1)) + min.

Mdala wa Server: Mukumuphunzitsa zolakwika inu. Zonse zochitikira mu browser aliyense atha kutsegula console, polembera code mu browser momwemo, n'kusintha. Aike pa server, PHP 7 kupita m'tsogolo ili ndi random_int(1, 40), malire onse awiri amalowa.

Wa ku Matawale: Mdala, amayi a chipereganyu ndi amene atsegule console? Iye wafunsa za ziro.

Sisi Dev: Mwasiya 231 nonse. Ngati min ndi max zikuchokera mu fomu, input.value imabwera ngati mawu osati nambala. Pochotsera JavaScript imasandutsa yokha, koma pa + min pamapeto imangolumikiza: 23 + "1" imakhala "231". Ikani Number() kapena parseInt(x, 10) musanawerengere.

Aphunzitsi a Masamu: Kutuluka kawiri si vuto la kompyuta ayi. Pa anthu 40, mukangokoka maere ka 8 mwayi woti wina wabwereza wadutsa kale theka, pafupifupi 53 pa 100. Musamakoke mmodzimmodzi. Ikani onse mu array (mndandanda), musakanize kamodzi ndi Fisher-Yates: yambani kumapeto, pa i aliyense sankhani j pakati pa 0 ndi i, musinthanitse. Mndandandawo muusunge, chifukwa Math.random() ilibe seed (nambala yoyambira yoti mubwereze zotsatira zomwezo), mukatsegulanso tsamba utuluka wina ndipo amayi adzati mwachita chinyengo.

Junior JS: arr.sort(() => Math.random() - 0.5), mzere umodzi nkhani yatha.

Aphunzitsi a Masamu: Ayi mphwanga, imeneyo imakondera. Sort imafuna yankho lofanana ikayerekeza zinthu ziwiri zomwezo, ukaisokoneza ena amatsalira pafupi ndi pomwe anali.

Mdala wa Server: Ndanena kale, getRandomValues pa Uint32Array, kenako % 40 + 1 (% imapereka chotsala mukagawa).

Sisi Dev: Nanunso % 40 yanuyo ikukondera pang'ono. Manambala otheka mu Uint32 alipo 4294967296, ndipo imeneyi sigawika ndi 40, imatsala 16, ndiye manambala 16 oyambirira apeza mwayi woposa. Muyenera kutaya zonse zoyambira 4294967280 n'kukokanso. Pa Node (JavaScript ya pa server), crypto.randomInt(1, 41) imachita zimenezo yokha, koma max salowa, n'chifukwa chake 41.

Mdala wa Server: Kukondera kwa 16 pa mabiliyoni 4 ndiye mukuvutike nako? Koma Math.random() mukuilola!

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndasintha kukhala floor, ziro yasiya, koma tsopano 40 sakutuluka. Ndipo amayi a tcheya akuti awiri alowa kumene, akhala 42.

Wa ku Matawale: Mwaiwala + 1 wa mkati mwa (max - min + 1). Ndipo musalembe 40 pamanja, lembani mayina.length. Tumizani code yonse tione, osati chithunzi cha sikirini.