Waitanitsa nyemba, pansi pa mbale wapeza fupa: kudandaula kapena kungokhala chete?

Mayi wa ku Katoto

Moni nonse. Funso langa ndi la malo odyera a kuno ku Mzuzu. Munthu wosadya nyama waitanitsa mpunga wa nyemba, wanena momveka kuti nyama sadya, koma mbale ikubwera nyemba zili mumsuzi wa ng'ombe, nthawi zina mpaka kafupa pansi. Kodi pamenepa mpoyenera kudandaula, kapena ndi kungovutitsa ana operekera zakudya pa nkhani yaing'ono? Ngati nkudandaula, kwa ndani, ndipo chakudyacho chilipiridwe? Mwezi wamawa kuntchito kwathu kuli maphunziro a anthu 30, anayi mwa iwo sadya nyama, ndiye ndikufuna ndidziwe zokawauza ophika.

Wophika wa ku Luwinga

Amayi, dandaulani ndithu, koma muyambe mwadziwa pamene nyamayo imalowera. Kawirikawiri sikuti weta wasinthanitsa mbale ayi. Zimakhala zitalakwika kale m'mawa.

M'malo odyera ambiri a m'tauni muno, a mumsika ndi a kudepoti omwe, ndiwo zimaphikidwa kamodzi. Ikamakwana 11 koloko mapoto onse amakhala atapsa: ng'ombe, nkhuku, nsomba, nyemba, masamba. Oda yanu ikafika kukhitchini palibe amene akuphika, akungopakula. Wopakulayo anaphunzitsidwa kuti mpunga wouma ndi wochititsa manyazi, ndiye mbale iliyonse amaithira msuzi wa nyama pamwamba. Kwa iye wakupatsani basela. M'miyezi yozizira ya June ndi July makasitomala ambiri amachita kupempha msuzi wotenthawo, choncho dzanja limangothira lokha asanaganize n'komwe. Chinanso, supuni yopakulira imakhala imodzi kapena ziwiri, ikuchoka mu poto wa nkhuku kulowa mu poto wa nyemba tsiku lonse.

Kenako nyemba zenizenizo. Ophika ambiri amaponyamo mafupa, kapena kuthiramo madzi amene anawiritsira nyama, kuti msuzi ukome ndi kugwirana. Ena amathira timakyubu kapena ufa wokometsera ndiwo wa m'mapaketi. Zina mwa zokometserazi zili ndi mafuta kapena ufa wa nyama weniweni, zina ndi fungo chabe, ndipo mungadziwe pokhapokha mutawerenga kumbuyo kwa paketi. Nyama ya soya nayo muisamale: soya payekha alibe vuto, koma kapaketi ka zokometsera kamene kamabwera mkatimo nkofunika kukawerenga, ndipo ena amaiphikira mu poto amene wangochoka nyama osamutsuka.

Masamba okazinga monga mpiru, repu ndi kabichi nthawi zambiri amakhala bwino, ngakhale alipo ophika amene amawaza usipa kapena bonya wosinja. Odalirika kwambiri ndi otendera, nkhwani kapena chigwada, chifukwa mumalowa nsinjiro, tomato ndi mchere basi.

Zimene musayese n'komwe ndi izi. Tchipisi ya pachiwaya, chifukwa mafuta ake ndi omwewo akukazingira nkhuku, soseji, mwina nkhumba. Pilawu, chifukwa mpunga wake umapsera mumsuzi wa nyama. Mbalaga, nthochi zophika za ku Karonga zija, chifukwa nthochi ndi nyama zimapsera poto mmodzi, kuchotsa nthuli sikusintha kanthu. Samusa mufunse kawiri, za nyama ndi za masamba zimaoneka chimodzimodzi zikatuluka m'mafuta.

Poitanitsa musafunse kuti "muli nyama?" Yankho lidzakhala "ayi", ndipo woyankhayo sakunama, akunena za nthuli zooneka ndi maso. Funsani kuti "nyembazi mwathiramo chiyani?" ndipo mutchule chimodzichimodzi chimene simudya: ng'ombe, mbuzi, nkhumba, nkhuku, soseji, nsomba, usipa, pamodzi ndi msuzi wake. Anthu osadya nyama ndi osiyanasiyana ndipo wophika sangalote. Akatolika pa Lachisanu la nyengo ya Lenti amasala nyama koma nsomba amadya. A Seventh Day amakana nkhumba ndi nsomba zopanda mamba monga mlamba, potsata Levitiko 11, ndipo ena mwa iwo sadya nyama iliyonse. Ma Rasta ambiri amafuna za m'munda zokhazokha. Amwenye ena achihindu ngakhale dzira sadya, ndiye mayonezi a mu saladi ndi vuto kwa iwo.

Mukabweza mbale, yang'anani nthawi. Mazira a tomato amapsa pa mphindi 10, masamba chimodzimodzi, soya mphindi 15 mpaka 20 kuwerengera kumunyika m'madzi otentha ndi kumufinya. Nyemba zouma pa makala zimafuna maola awiri kapena atatu. Wina akabwera ndi "nyemba zina" patangopita mphindi zisanu, dziwani kuti wangovuula fupa lija.

Bambo wa lesitilanti, Chibavi

Achimwene a ku Luwinga afotokoza bwino za kukhitchini. Ine ndiyankhe za kudandaula ndi ndalama.

Mwini malo aliyense wanzeru amafuna auzidwe. Kasitomala amene wakankhira mbale pambali, walipira mwakachetechete n'kusabweranso, ndiye amatipweteka, chifukwa poto uja mawa aphikidwanso chimodzimodzi. Koma kadandaulidwe kake kali ndi njira.

Lekani kudya pomwe mwaonera. Musachotse fupalo kapena kachidutswako, kasiyeni m'mbale momwemo, ndi umboni wanu. Muitaneni weta ndi dzanja, osakuwa, mumuonetse, mumukumbutse zimene munaitanitsa. Ngati oda inalembedwa pakapepala, pemphani kuti abwere nako. Kapepalako kamaonetsa pamene palakwika: ngati sipanalembedwe kuti "wopanda msuzi wa nyama", waiwala ndi weta, ngati palembedwa, walakwitsa ndi wopakula. Kenako pemphani manijala kapena mwini wake. Sikuti mukukamunenera mwanayo ayi. Weta alibe mphamvu yochotsa mbale pa bilu, ndipo m'malo ambiri mbale yobwezedwa popanda bwana kudziwa amaidula pa malipiro ake. Mukalankhula ndi bwana nokha, n'kunena kuti vuto lili mu poto osati mwa woperekera, mwamupulumutsa.

Mukafika kwa manijala nenani zinthu zitatu basi: chimene munaitanitsa, chimene chabwera, ndi chimene mukufuna. Chachitatuchi anthu ambiri amaiwala, amangokalipa, manijala n'kumangoti pepani pepani. Pepani sapoletsa chilonda, ndiye nenani poyera: mukufuna akuphikireni china mu poto woyera, kapena achotse mbaleyo pa bilu muzipita.

Pa ndalama maganizo anga ndi awa. Mbale yolakwika imene mwangoilawa simulipira. Akakuphikirani ina n'kudya, mulipira imodzi yokhayo. Zakumwa ndi chakudya cha anzanu amene adya bwino mulipira zonse, musakokere tebulo lonse mu mlandu wa mbale imodzi. Koma mukadya mpaka kutsuka mbale kenako n'kumati munali nyama, palibe adzakumvereni, chifukwa alipo anthu amene amachita dala zimenezi pofuna kudya ulere, ndipo eni malo amawadziwa.

Nthawi nayo muiganizire. Pakati pa 12 koloko ndi hafu pasiti wanu khitchini imakhala pa moto, mbaula zonse zili ndi mapoto. Kupempha chakudya chapadera nthawi imeneyo ndi kudikira theka la ola kapena kuposa. Wosadya nyama amene amadya pamalo amodzi kawirikawiri achite bwino kuimba foni cha m'ma 9 koloko, nyemba zisanathiridwe kanthu, kuti amupatulire zake m'kapoto.

Za kulemba pa Facebook ndinganene kuti muyambe mwawapatsa mpata wokonza. Akakana kumva, lembani zimene zachitika zokhazokha, tsiku, chimene munaitanitsa ndi chimene anayankha. Mawu ngati "amadyetsa anthu zoola" pamene nkhani inali ya msuzi angakubwerereni ngati mlandu woipitsa mbiri.

Mlongo wa zaumoyo, Mchengautuwa

Bambo a ku Chibavi, pa mfundo yoti wadya mbale yonse asadandaule ndikusiyana nanu pang'ono. Msuzi wa nyama mu nyemba suoneka, ndipo fupa limakhala pansi, munthu amalipeza akumaliza. Ndalama mwina alipire, koma kunena anene ndithu.

Tisiyanitsenso zinthu ziwiri. Munthu amene sadya nyama chifukwa cha chipembedzo kapena kusankha kwake, akadya pang'ono mosadziwa, thupi lake limagaya bwinobwino. Ena amamva nseru kapena kulemera m'mimba, makamaka ngati msuzi unali wa mafuta ambiri, koma si zoopsa. Chimene chapwetekedwa ndi chikhulupiriro chake, ndipo chimenecho pachokha nchokwanira kudandaulira. Palibe chifukwa chonamizira matenda kuti akumvereni. Bodza limenelo limachititsa ophika kuyamba kupeputsa ngakhale amene akudwaladi.

Koma alipo anthu amene thupi lawo limadana ndi nsomba, mazira, mkaka kapena mtedza. Kwa iwowa kachidutswa kochepa, ngakhale mafuta amene anakazingira nsomba, nkokwanira. Zizindikiro zimayamba pakangopita mphindi zochepa, mwina mpaka maola awiri: zidzolo zoyabwa, kutupa milomo, lilime kapena zikope, kusanza, kubanika, chizungulire. Kukangoyamba kutupa kukhosi kapena kupuma movutika, siyani za bilu ndi manijala, thamangirani naye kuchipatala chapafupi kapena ku Mzuzu Central Hospital. Mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline, mapiritsi a ziwengo paokha sakwanira. Muonenso kuti ndiwo zotendera zimene achimwene aja aziyamikira ndi zomwezo zingagwetse munthu wodana ndi mtedza. Nchifukwa chake amayi a ku Katoto afunse anthu awo anayiwo mmodzimmodzi chifukwa chimene sadyera, osangowaika gulu limodzi.

Za kokadandaula kunja kwa lesitilanti: nkhani za ukhondo, monga chakudya chosasa, nyama yosapsa kapena khitchini yauve, zimapita ku nthambi ya zaumoyo ya khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, amene amayendera malo ophikira ndi kupereka ziphaso. Nkhani yogulitsidwa chinthu chosiyana ndi chimene chalembedwa, mwachitsanzo menyu ikuti chakudyachi chilibe nyama pamene anaphikira msuzi wa nkhuku, ndi ya ufulu wa ogula. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo madandaulo otere amalandira a Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loona kuti malonda azichitika mwachilungamo. Bungwe la Consumers Association of Malawi (CAMA) nalonso limalankhulira ogula. Sungani lisiti, jambulani mbale ndi menyu, lembani tsiku ndi nthawi. Komabe kunena zoona, kulakwitsa kamodzi kumene apepesa n'kukonza sikoyenera kufika kumeneko. Kumeneko nkwa amene akubwereza, kapena akukukakamizani kulipira chimene simunaitanitse.

Mayi wa ku Katoto

Zikomo kwambiri nonse. Nanga pa maphunziro paja, popeza chakudya chidzakhala chodzipakulira, ndiwauze chiyani kwenikweni?

Wophika wa ku Luwinga

Amayi, pa chakudya chodzipakulira mdani wanu si wophika, ndi anthu 26 enawo. Odya nyama nawonso amatapa nyemba ndi masamba, ndiye mukaphikitsa za anthu anayi okha, anayiwo adzapeza m'mbale mwayera. Pali njira ziwiri. Yoyamba, nyemba ndi masamba a gulu lonse ziphikidwe zopanda fupa, msuzi wa nyama kapena kyubu. Kilogalamu imodzi ya nyemba zouma imakwana anthu 10 mpaka 12 ngati ndiwo yapambali, ndiye makilogalamu atatu akukwanirani. Azinyike usiku, aziwiritse, kenako akazinge anyezi atatu ndi tomato 6 kapena 7 pa kilogalamu iliyonse, n'kuphwanyako nyemba zina ndi mthiko kuti msuzi ugwirane. Palibe adzafunse za fupa. Yachiwiri, mbale za anayiwo zipakulidwe kukhitchini, zivindikiridwe, zilembedwe maina awo. Njira yoyambayo ndiyabwino kuposa, chifukwa mbale zovindikira zimazizira msanga kuno, komanso zimatengedwa ndi madalaivala ofika mochedwa.

Zonsezi zilembedwe pa kotesheni, osati kungouza wa pa risepushoni. Amene amalandira oda si amene amaphika, ndipo wophika wa Lolemba mwina si wa Lachitatu. Dzulo lake pitani mukaonane ndi shefu maso ndi maso, mumusiyire pepala limodzi alimate kukhoma la kukhitchini. Patebulo, za masamba ziikidwe koyambirira kwa mzere, nyama kumapeto, kuti msuzi usadonthere m'nyemba anthu akamadutsa ndi mbale. Ndiwo iliyonse ikhale ndi supuni yake, ndipo anayiwo apakule poyamba. Musaiwale tiyi wa 10 koloko: kumeneko ndi kumene kumabwera samusa za nyama, soseji ndi masangweji a poloni, wosadya nyama n'kungomwa tiyi wosatafunira. Pemphani mandasi kapena zitumbuwa zokazingira mafuta atsopano, mbatata yophika, mtedza wokazinga ngati palibe wodana nawo, kapena nthochi zakupsa.