Za katemera uja: ndabwerako ku Kampala

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati ndingalowe ku Uganda popanda katemera wa yellow fever, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu. Ndinatsatira malangizo a mayi ena amene anati ndisachedwe, poti khadi lachikasu, losonyeza kuti munthu analandira katemerayu, limayamba kugwira ntchito pakapita masiku 10 munthu atabayidwa. Ndinabayitsa kutatsala milungu itatu kuti ndinyamuke kuno ku Chipata. Mkono unawawa masiku awiri basi.

Pa eyapoti ya Entebbe, ku Ugandako, analifunsadi khadilo. Bambo wina amene analibe anawaimika pambali, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri.

Anamwino anandiuzanso kuti kuyambira 2016 khadili limagwira ntchito moyo wonse, choncho musalitaye. Langa ndalijambula pafoni. Neti musaiwale, malungo alikonso kumeneko.